Mbuzi ya mu laputopu

Ndinali kalaliki pa esiteti ya fodya ku Mavwere, komanso mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga. Mtima wanga wonse unali pa chitengwa, kuti andilole kumutenga tikamange kwathu ku Kapondo. Wololeza kapena kukaniza anali malume ake, eni mbumba, munthu wofatsa amene sindinawamvepo akukweza mawu.

Kuntchito ndinali ndi matenda amodzi. Ndinkalemba za mabelo tsiku lonse mu sipuredishiti, fayilo ya ziwerengero ya mu laputopu, kenako n'kutseka osaseva, zonse n'kufufutika. Kompyuta inkafunsa ndithu, koma chala changa chinkadina "ayi" mutu usanaganize. Nditatopa ndi kubwereza ntchito, ndinalemba makro, timalamulo timene kompyuta imatsata yokha. Munthu akamatseka, iyo izifufuza ngati fayilo yasevedwa, ikapeza kuti ayi itulutse uthenga. Uthengawo ndinaulemba nditapsa mtima, ndipo ndinkadzinena ndekha: "Mbuzi iwe, mutu wakowo ndi wa ntchito yanji? Seva!"

Unandichiritsadi. Koma pamwamba pa fayiloyo panali kabokosi kosintha deti pakokha, moti ukangotsegula, kompyuta inkati zinthu zasintha. Ngakhale wongoyang'ana, makro inkamuyesa woiwala kuseva. Ine izi sindinkazidziwa, poti ndinali nditazolowera kuseva ndisanatseke.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, malume aja anafika kunyumba. Anali mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza, ndipo anamva kuti laputopu yanga imawonkhetsa yokha. Ine ndinati mwayi sudziwika, lero ndidzigulire malo. Ndinawapatsa mpando, n'kuwatsegulira fayilo ija. Anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamaondo.

"Potseka mudine apa, malume," ndinatero modzimva.

Anadina. Uthenga unatuluka. Anauwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka kumapeto. Manyazi amene anandigwira sindinawaonepo, ndinasowa polowera. Apa m'pamene ndinazindikira za kabokosi kaja, ndipo ndinayamba kubwebweta za deti, za makro, kuti iwo sanalakwe chilichonse, mbuziyo ndine.

"Ndamva," anatero akuvula magalasi. "Chichewa chimenechi makinawa anaphunzira kwa inu?"

"Ndinalemba ndine, malume."

"Munthu akaiwala kanthu mumatero?"

"Ndimadzinena ndekha."

Anatembenukira pakhonde pomwe mkazi wanga ankasenda mtedza. Nayenso anali atasiya kusenda.

"Nanga mwana wathuyu akakaiwala kanthu kwanuko, ife kulibe, mukamuuza bwanji?"

Bola akanakalipa. Anatsanzika bwinobwino, mpaka kuthokoza chifukwa cha mpando.

Uthengawo ndinaufufuta tsiku lomwelo, n'kulemba wina woyamba ndi "pepani". Za chitengwa malume anati tidzaziona mvula ikatha. Mvula inatha, inabweranso, ine ndili m'munda wa apongozi ndi khasu.