Chisoti cha Pulasitiki ndi Nthungululu za Amayi

Chisoti chija chinali chachikasu, cha pulasitiki yopyapyala, ndipo pamphumi pake anamatapo katsamba kobiriwira. Ndinachilandira ndili kamtsikana ka kupulayimale, chilimwe chimene fakitale yopanga magetsi inasiya kuwotcha malasha.

Amalume ankagwira ntchito kumeneko, kuwola fumbi pansi pa malamba onyamula malasha. Ankakhala nafe ku Lawrence, m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis, kutali ndi kwathu ku Malawi. Akaweruka ankanunkha ngati mbaula yozimitsidwa ndi madzi, ndipo asambe chotani, m'zikhadabo munkatsala mzere wakuda. Popeza amayi ankakhalitsa kuntchito kuchipatala, amalume ndiwo ankandichingamira pa basi ya sukulu, ndiwonso anandiphunzitsa njinga. Ntchito yawo itatha, nkhawa yanga inali imodzi: akapanda kupeza ina pafupi, atichokera.

Kenaka kunamveka kuti boma latulutsa ndalama zothandiza madera amene ankadalira malasha, ndipo kukhala mwambo pabwalo la fakitale. Amayi anaimva nkhaniyi ndi makutu a ku Malawi. Kumeneko bwana akabwera kudzagawa zinthu, wovina bwino sabwerera chimanjamanja. Anasita chitenje chatsopano, anakazinga mandasi odzadza beseni, ndipo anaumiriza amalume kuvala suti ya kutchalitchi.

"Achimwene, boma limafuna kuthokozedwa lisanapereke. Tiyeni tikaonekere."

Tsikulo kunatentha mpaka phula linkamata nsapato. Akuluakulu ochokera pakati pa mzinda wa Indianapolis anakhala pamthunzi wa tenti, atavala zisoti zatsopano zimene fumbi silinazikhudzepo, atagwira mafosholo opakidwa utoto wagolide. Ife ana anatigawira zisoti zoseweretsa. Mayi wina wa jekete yobiriwira analankhula za tsogolo lowala mpaka ndinayamba kusinza. Kunena zoona, manja amenewo sanagwirepo fosholo ina iliyonse, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akumwetulira atagwira fosholo yoyera, ndimayang'ana kumbali.

Atatchula za ndalama, anthu anawomba m'manja mwaulesi. Amayi anaona kuti ndi mwano. Anaimirira, dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu imene inamveka mpaka kumachumuni ozima. Bwalo lonse linatembenuka. Ojambula anathamangira kwa ife, ndipo mayi wa jekete uja anawapempha kuti achitenso, chifukwa kamera inali isanakonzeke. Amayi anabwereza mpaka mawu anasasa, akutsinzinira amalume ngati kunena kuti zatheka. Ojambulawo anawavula amalume jekete ya suti, anawabwereka chisoti, n'kuwauza atambasule manja kuti zikhadabo zioneke bwino. Mandasi anatha onse. Beseni tinalipeza pansi pa tenti, muli mapepala opukutira manja.

Ndalamazo zinabweradi, sindinganame. Zinamanga ofesi ya magalasi okhaokha, zinalemba ntchito anthu a mataye ophunzitsa anzawo kufunsira ntchito, zinagulanso benchi yotchajira mafoni ndi dzuwa. Tsiku limene amalume anapita kuofesiko ananditenga. Munkazizira bwino, munkanunkha kapeti watsopano. Mnyamata wa pakauntala anawalankhula mwaulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene alibe choti akupatse. Ine sindinkamvetsera. Maso anga anali pakhoma kumbuyo kwake, pamene panali chithunzi chachikulu ngati chitseko: amalume, chisoti chobwereka kumutu, manja akuda ali tambasu, amayi pambali pawo kukamwa kuli yasa.

Kunyumba amalume anangonena mawu ochepa.

"Akuti sindikukwalifaya, achemwali. Ndinali wa kontirakitala, osati wa fakitale. Akuti ndiapulayenso kwina."

Chitenje chija amayi sanachivalenso, ndipo nthungululu yawo sindinaimvenso, ngakhale paukwati wanga.

Masamba atayamba kufiira, amalume anapeza ntchito kumzinda wakutali wa South Bend, yosambitsa okalamba. Anatenga chikwama chimodzi, njinga anandisiyira. Pa basi ya sukulu sipanakhalenso wondichingamira. Amayi anandimangirira kiyi m'khosi.

M'mawa umene ankanyamuka ndinavala chisoti changa kuti ndiwasangalatse. Anachiyang'ana kanthawi, anagogoda pamwamba pake ndi chala, n'kulowa m'galimoto. Ndinkabayibitsa monyada, chifukwa ndinali nditauza kale anzanga onse kuti amalume anga ndi otchuka, boma linawapachika pakhoma. Ndinkakhulupirira kuti munthu wa pachithunzi chachikulu chotero amuitana posachedwa kuti adzalandire zake. Sindinkadziwa kuti gawo la banja lathu tinali titalandira kale, ndipo ndinali nditalivala kumutu.