Ndinagwetsa Khoma la Amayi Chifukwa cha TV

Inu owerenga, ine ndinagwetsa khoma m'nyumba ya amayi anga ku Bangwe iwo kulibe, ndipo panangotsala pang'ono kuti denga lonse litsatire. Sanali akuba, sinali mphepo. Ndinali ine, mwana wawo woyamba, ndi hamala yobwereka. Ndikulemba izi kuti wina amene manja akumuyabwa ngati mmene anandiyabwira ine ayambe waima kaye.

Ndimagwira ntchito mu saluni ku Limbe. TV yathu sizimitsidwa, ndipo makasitomala amakonda mapulogalamu akunja aja okonza nyumba. Mukuwadziwa. Mwini nyumba amakamusungitsa ku hotela, kenako pamabwera anthu ovala zipewa zolimba, akuseka, kumenya khoma kawiri katatu, khoma lija phwasu! Pomwe otsatsa malonda a sopo akumaliza, nyumba yasanduka ina. Mwini wake amabwera atamutseka m'maso, akamutsegula amalira n'kukumbatira aliyense. Ine manja ali m'tsitsi la anthu, maso ali pomwepo, mpaka ndinayamba kudziona ngati ndinapitako kusukulu ya zomangamanga.

Nyumba ya amayi ili ndi balaza kutsogolo ndi khitchini yamdima kuseri kwake. Pakati panalibe khomo. Kuti chakudya chifike pabalaza umayenera kutulukira kuseri n'kuzungulira nyumba, mbale zili m'manja, kaya kunja kukugwa mvula. Amayi mawondo anayamba kuwavuta, ndipo kuwaona akuzungulira choncho kunkandipweteka mtima. Ndinaganiza zochotsa khoma lonse lapakatilo, khitchini ndi balaza zikhale chipinda chimodzi chachikulu ngati za pa TV.

Mpata unapezeka mng'ono wanga atabereka ku Lilongwe. Amayi anapita kukamuthandiza mwana, makiyi n'kundisiyira ine. Sindinawauze kanthu. Ndikanawauziranji, poti pa TV mwini nyumba sauzidwa? Ndinali nditasankha kale ndi chitenje chodzawatsekera m'maso.

Ndinapeza mmisiri wina, a Nyozani, pamalo pomwe amisiri amadikirira ganyu. Nditawaonetsa kanema pafoni anangoti, "Zitheka, sisi. Zazing'ono izi." Inu owerenga, mmisiri wa mu Blantyre muno akamasaka ganyu sanena kuti sizitheka. Mutamuuza kuti akumangireni nyumba pamwamba pa mtengo wa papaya, angofunsa kuti simenti ibwera liti.

Tinayamba Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Hamala yoyamba ndinamenya ndine, foni nditaiimika pawindo kuti ijambule. Chimene TV sinandiuze ndi fumbi. Khomalo linamangidwa ndi dothi, osati simenti, ndipo fumbi lofiira linalowa m'mipando, m'makatani, mpaka m'ndowa ya ufa. Linali khoma lonenepa kuposa ena onse a m'nyumbamo, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Chapakati tinapeza mtanda wa konkire utabisika m'pulasitala. A Nyozani anaumenya mpaka thukuta kamukamu, nawonso unagwa. Njerwa tinkaponya panja, ndipo aneba atayamba kupempha ndinati tengani, ndikudzimva ufumu.

Chakumasana denga linalira. Ndinayang'ana m'mwamba n'kuona matabwa a mbali zonse ziwiri akulendewera, opanda chowagwira. Onse ankatsamira pakhoma lomwe tinali titangolichotsalo. Malata anayamba kubwama pakati ngati mphasa yonyowa pachingwe, ndipo mng'alu unatsika pakhoma la kuchipinda kwa amayi ine ndikuona. A Nyozani anati akukagula misomali. Mpaka lero sanabwere nayo.

Ndinakuwa. Azibambo oyandikana nafe anathamanga ndi mitengo ya bulugamu n'kuchirikiza dengalo, ndipo pabalaza pa amayi panaima mizati ngati khola. Amake Tiyamike, aneba athu a zaka zambiri, sanandifunse n'komwe. Anangotenga foni n'kuimbira amayi.

Amayi anafika mawa lake madzulo. Panalibe chitenje cha m'maso, panalibe kukumbatirana. Anaima pakhomo chikwama chili m'manja, kuyang'ana mizati, kuyang'ana fumbi, kenako kundiyang'ana ine. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Iwo anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Njerwa zanga zili kuti?"

Tsiku limenelo ndi pamene ndinaidziwa nyumba yomwe ndinakuliramo. Inu mukudziwa mmene nyumba zathu za m'mataunishipi zimamangidwira: chipinda lero, china zaka zikapita, thumba likalola. Nyumba yoyamba ya makolo anga inali khitchini ija ndi chipinda cha amayi, basi. Khoma lomwe ine ndinkaliyesa lapakati linali khoma lakunja, lakutsogolo. Njerwa zake anaumba okha amayi ndi malemu bambo, amayi ali ndi pakati pa ine. Balaza linabwera pambuyo, ndipo denga lake analitsamiritsa pakhoma lomwelo. Mtanda wa konkire uja unali pamwamba pa khomo lakale, lomwe bambo analitseka ndi njerwa kuti utsi wa mbaula usamalowe kwa alendo.

"Ukanandifunsa, mwanawe, ndikanakuonetsa pogogoda," anatero amayi. "Bwenzi utangochotsa njerwa za pakhomopo, denga osagwedezeka. Ine khomo limenelo ndakhala ndikulifuna chiyambireni mawondowa."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Chimene ndinkafuna kuwapatsa chinali m'khoma momwemo, chikungodikira funso limodzi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Koma kulira kunalibe nthawi. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo amayi ankagona kwa amake Tiyamike, mwini nyumba kusanduka mlendo. Ndinalumbira mumtima kuti mvula yeniyeni isanagwe, amayi agona m'chipinda chawo.

Ndinabwereka wilibala n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha njerwa zomwe ndinagawa ndekha. Manyazi ake musafunse. Zina zinali zitakhala kale mafuwa, zina zitalowa m'bafa ya munthu, zina anakwirira nazo dzenje la mumsewu. Mayi wina anandifunsa akuseka kuti, "Sisi, pulogalamu ija yatha?" Ndinaseka nawo, n'kunyamula njerwa zanga. Zomwe zinapezeka zathunthu ndinazipala dothi imodziimodzi, zotsalazo tinaonjezera zatsopano.

Mmisiri wachiwiri amayi anamusankha okha, bambo wina wa kutchalitchi kwawo. Apa m'pamene ndinaona ntchito yeniyeni, ija saionetsa pa TV. Lole ya mchenga inakanika kukwera mtunda wa kwathu, mchenga tinatuta pamutu kuchokera kumsewu. Madzi akasiya pampopi, ntchito imaima. Konkire ikathiridwa imafuna masiku kuti igwire, ndipo siimva zoti iwe ukufulumira. Chizimalupsa chinatipeza khoma lili m'chiuno, madzi n'kulowa pomwe malata anapindika, tinachita kutchinga ndi mapepala apulasitiki. M'mawa ndinkapita kusaluni, madzulo ndili pa fosholo. Zikhadabo zanga zonse zinathothoka, makasitomala n'kumafunsa ngati ndayamba ulimi. Amayi ankakhala pampando panja, kuloza ndi ndodo pomwe khomo lakale linayambira ndi pomwe linathera.

Mvula inayamba khoma litafika kudenga, matabwa atakhalanso pamalo pake. Amayi anabwerera m'chipinda chawo. Khomo lija lilipo tsopano, pamalo pake penipeni, ndipo amadutsapo ndi mbale osanyowa. Pulasitala sitinapake, penti sitinagule, koma ndizichita ndithu, ndipo mtundu wake adzasankha ndi iwo.

Inu owerenga, onerani mapulogalamuwo, ndi okoma, inenso ndimaonerabe. Koma dziwani kuti zimene mukuona mukudya chipisi ndi ntchito ya miyezi, ya anthu ambiri amene kamera siwaonetsa, omwe anayamba ayeza nyumbayo asanakhudze hamala. Nyumba zathu kuno zilibe mapulani a papepala. Pulani yake ili m'mutu mwa amene anaimanga, ndipo ngati ali moyo, mufunseni musanakhomere ngakhale msomali. Mmisiri akavomera msanga asanayang'ane kudenga, muthokozeni azipita. Ndipo nyumba ya munthu wamkulu si yomudzidzimutsa nayo.

Amayi anandikhululukira, anandiuza okha pamaso pa amake Tiyamike. Koma mwezi watha atapitanso ku Lilongwe kukaona mdzukulu, makiyi anakasiya kwa amake Tiyamike, ine ndili pomwepo. Sindinadandaule, ndinangowanyamulira chikwama mpaka pasiteji. Khoma ndinalibweza ndi wilibala. Makiyiwo ndiye sabwera pa wilibala, koma kaya zitenga zaka zingati, tsiku lina adzawaikanso m'manja mwangamu.