Pitsa ya Usipa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene pakamwa panga panandiika m'mavuto. M'kalasi mwathu ku Chamama munabwera Tadala, mwana wa aphunzitsi atsopano ochokera ku Lilongwe, ndipo nkhani yake inali imodzi basi: pitsa. M'mawa pitsa, pa buleki pitsa, mpaka makutu kuwawa. Tsiku lina anayang'ana zala zanga zakuda ndi phula la fodya n'kunena kuti ana a matenanti sangaidziwe. Mtima unandiwira. Ndinamuyankha kuti kwathu pitsa timachita kutayira nkhuku. Kalasi yonse inagwirizana kuti Lolemba ndibwere nayo.

Chibadwire ndinali ndisanaionepo.

Ndinathamangira kwa amalume a Gerevazio, amene pa unyamata wawo ankaphikira wansembe wina wa ku Italiya ku Nkhamenya. Ine ndinkafuna thandizo, iwo anayamba kundiphunzitsa mbiri.

"Pitsa? Aaa, chakudya cha amphawi chimenecho," anatero akusanja fodya. "Abambo aja ankati chinayambira kwawo ku Napoli. Aganyu onyamula katundu padoko analibe nthawi, analibe ndiwo. Ndiye kabuledi kophwatalala, tomato pamwamba, basi. Tomatoyo olemera ankamuopa, ati ndi poizoni. Ukapeza tinsomba, waponyapo."

Ndinapsa mtima. Munthu ukufuna kutseka pakamwa mwana wa m'tauni, wina akukuuza za aganyu!

Lamlungu masana anakanda fulawa wawo amene ankasungira mandasi, anamuphwatalalitsa pa chidutswa cha lata, n'kupakapo tomato wosinja ndi adyo. Kenako ndinaona akutola usipa m'mbale n'kumauyala mmodzimmodzi ngati akubzala nazale. Ndinachonderera kuti asiye, koma kunali kulankhula ndi mwala. Uvuni tinalibe, choncho analowetsa latalo pa ng'anjo ya balani m'mene tinkawotchera fodya wa abwana a esiteti. Pitsayo itatuluka inali yopserera m'mbali, ikununkhira utsi wa nkhuni, timaso ta usipa tikundiyang'ana.

Lolemba ndinaimasula m'pepala anzanga atandizungulira. Tadala anangoiyang'ana kamodzi.

"Tchizi ali kuti? Ichi ndi chigumu cha usipa ichi!"

Kunali phwete kalasi yonse. Ndinaikulunganso, ndipo poweruka ndinaiponya m'munda wa mtedza osalumako n'komwe.

Amalume ndinawapeza pakhomo la balani akundidikira, nkhope ili ngwee.

"Ati bwanji anzako, Esinala?"

"Mwandichititsa manyazi ndi zaumphawi zanuzo!"

Sanandikalipire, ngakhale ndinayenera mbama. Anasonkhezera moto, kenako anati, "Ngati akuti ndi yaumphawi, ndiye kuti ndaphika yeniyeni. Nanga iweyo unaimva bwanji kukoma?"

Ndinayang'ana pansi. Anazindikira kuti sindinailawe, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero ndimagwira ntchito pa boma, ndipo ndikapita ku Lilongwe ndimaona anthu akujambula pitsa pa foni asanadye, ena akulimbana nayo ndi foloko ndi mpeni ngati akuchita opaleshoni. Zimanditopetsa, koma amene amandikwiyitsa kwambiri ndi mtsikana uja wa zala zakuda. Ankachita manyazi ndi umphawi pa chakudya chimene amphawi anzake anachiyambitsa. Pitsa ndadya zambiri, za tchizi wochita kutanuka, zophikidwa ndi anthu osandidziwa dzina. Imene munthu anandiphikira ineyo inali imodzi yokha, ndipo sindidziwa kuti inkakoma bwanji.