Golovesi lanu linalibe linzake

Ababa, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda, koma mtima wanga ukuwirabe. Munasewera besibo, mpira womenya ndi ndodo, ku Joni, kuwakha mipira kumapeto kwa bwalo, kenako munabwerera kuno ku Ngala kudzaphunzitsa achinyamata. Sindiiwala tsiku munandiveka golovesi lanu lachikopa n'kuponya mpira m'mwamba. "Usatsinzine, Asiyatu, dzuwa sililuma!" Ndinauwakha, inu n'kuvina pamchenga.

Dzulo ndinafunsa za golovesi lija. Achimwene anu, amene anagawa katundu wanu, akuti analitaya kudzala poti linzake linasowa. Linzake liti? Pabesibo amavala golovesi kudzanja limodzi lokha! Zaka zonsezo achimwene anuwo sanapondeko kubwalo kwanu n'kamodzi komwe, koma pogawana malaya anu, iwo anali patsogolo. Ndinachoka osatsanzika, ababa, ndipo musabwere kumaloto kudzandiuza kuti ndikapepese.