Mudzi wa M'kati mwa Paki

Martin Chikuse anafika ku Birmingham mu 1993 kudzaphunzira za ntchito yokopa alendo. Ankakhala ku Erdington, ndipo akaweruka kusukulu ankasamalira okalamba panyumba ina yapafupi.

Martin ali mwana, mudzi wawo unasamutsidwa pa lole kuti malo a nyama akule. Manda a makolo anatsala komweko, kuseri kwa waya. Iye anakula akukhulupirira kuti paki kulikonse imatero: njovu ndi alendo m'kati, eni nthaka kunja.

Tsiku lina kalasi yawo inapita ku Peak District, paki ya kumapiri. M'kati mwenimweni mwa paki anapezamo mudzi, nkhosa zikudya, ana akuchokera kusukulu. Anafunsa mayi wina wogulitsa tiyi kwa alendo kuti awasamutsa liti.

"Atisamutse chifukwa chiyani?" anadabwa mayiwo. "Agogo anga agona paseri pa tchalitchi icho. Alendowa amabwera kudzaona ife ndi nkhosa zathu."

Anzake anaseka. Martin tiyi anamuzizirira m'kapu.

Bambo ake atamwalira mu 1996, abale anapempha kukawaika kumudzi wakale monga malemuwo ankafunira, koma anakanizidwa. Martin anangozimva patelefoni. Digiri anaimaliza, koma mtima wobwerera kukagwira ntchito kupaki unamuthera. Anapitiriza kusamalira okalamba, ndipo m'chilimwe, akamawatenga pa basi kukaona mapiri a kupaki ija, iye ankasinthana shifiti ndi mnzake n'kutsala akuchapa zofunda.