Chinunsi ndi Kaphambuzi

Ndinakwatiwa ku Mburuma ndisakudziwa zambiri, koma ndiwo zakuthengo zokha palibe akanandiphunzitsa. Kwathu ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, mayi anga, amene anachokera tsidya la ku Mozambique, ankatituma m'madimba kukathyola chinunsi nsomba zikasowa. Ndinakula nacho m'kamwa, moti ndinkachizindikira ndi mphuno yokha.

Ku Mburuma ndi kumtunda, kwa mbuzi ndi makala. Apongozi anga, mayi a mwamuna wanga, moyo wawo wonse unali pa mbuzi, ndipo ankadana koopsa ndi chomera china cha maluwa achikasu chimene kumeneko amati kaphambuzi, chifukwa chinawatherapo khola. Vuto linali pa dzinalo. Anthu akumeneko ankalipatsa chomera chilichonse chimene maluwa ake akauma amasanduka kathonje kouluka ndi mphepo. Chinunsi changa chimateronso, poti ziwirizi ndi pachibale. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo palibe anandiuza.

Mvula ili mkati ndiwo zinavuta, mwamuna wanga ali kuthengo kootcha makala. Ndinapeza chinunsi chonenepa pa munda wogonera, kuseri kwa khola, ndipo ndinakondwa ngati ndakumana ndi mnansi. Ndinathyola chodzaza lichero, nkutendera bwinobwino. Ndikuti ndipakule, apongozi anaona timitengo take pamene ndinasadzulira. Anatola kamodzi, nkufuula mpaka nkhuku zinabalalika.

"Apongozi, mwatiphikira chani? Ni kaphambuzi aka! Mufuna kutisiliza tonse?"

"Iyayi amama, ichi ni chinunsi. Kwathu timadya."

"Kwanu mumadya poizoni?"

Anakhuthulira mphika wonse kudzala. Kunena zoona, nsinjiro zanga zinandipweteka kuposa mawuwo. Anthu anasonkhana, ndipo pamaso pawo apongozi analamula kuti ndisagwirenso mphika wa pakhomopo. Anati mwana wawo akabwera aitanitse ankhoswe, mkazi wotere abwerere kwawo kumtsinje.

Sindinalire. Ndinapita kuthengo nkuzula zomera ziwirizo ndi mizu yomwe, nkuziyala pabwalo. Ndinawaonetsa kuti chinunsi masamba ake ndi ofewa, amadzimadzi, ndipo ukawafikisa amatulutsa kafungo kamphamvu. Duwa lake lilibe timapiko m'mbali, ndi kangayaye chabe kofiirira kunsonga. Kaphambuzi weniweni masamba ake ndi olimba, otuwa, ndipo amakumbatira tsinde. Maluwa ake ndi achikasu, otambasula timapiko, ambirimbiri pamwamba. Ndinapalasa dothi pamene tsinde limakumana ndi muzu nkuwaonetsa ubweya umene umakhala pamenepo, umene chinunsi chilibe. Anthu ankagwedeza mitu, koma ndinaona kuti akungoonera zaulere.

Ndiye ndinaphika kamphika kangakanga, nkudya pomwepo onse akuona, mpaka kunyambita zala.

"Olo mbuzi sizikufa siku yamene zadya," anatero apongozi. "Zimayamba zayenda-yenda, zaonda. Tizaona."

Pamenepo ananena zoona, kaphambuzi amapha pang'onopang'ono. Mwamuna wanga atabwera anangokanda m'mutu. Munthu wabwino ndithu, koma pamaso pa mayi ake ankasanduka phala. Chimene anakwanitsa ndi kupempha kuti ankhoswe adikire kaye, aone ngati ndife kapena ayi. Choncho ukwati wanga unatsamira pa thanzi langa. Ndinkaphika ndekha kuseri, chinunsi tsiku ndi tsiku, mwadala, apongozi akundiyang'ana m'maso m'mawa uliwonse monga amachitira ndi mbuzi yodwala.

Kenaka, mwa tsoka langa, ndinayamba kusanza. Chakudya chinkandinyansa, thupi lili lefu, ndikangoima chizungulire. Mudzi wonse unamva dzuwa lisanakwere. Amayi ena ankabwera kudzandizonda ndi nkhope zamaliro. Tsiku limodzi lokha mtima wanga unagwedezeka, ndipo ndinapita kumunda kuja nkufukula tsinde lililonse limene ndinathyolapo. Ubweya panalibe ngakhale pamodzi. Ndinabwerako ndikudziwa kuti chilichonse chimene chandigwira, ndiwo zanga zilibe mlandu.

Apongozi anauza mwana wawo kuti akadikire lole kumsewu, andiperekeze kwathu ndisanafere m'manja mwawo. Apongoziwo analowa m'nyumba mwanga kudzandimangira katundu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinali chigonere pamphasa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso, m'khosi, pachifuwa. Kenaka anaika pansi chitenje chimene ankapinda, nakhala pafupi nane.

"Apongozi, mwezi munauona liti?"

Ndinawerenga m'mutu, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ine katswiri wa masamba, wodziwa kufukula mizu, zanga zomwe sindinazizindikire. Apongozi anaseka mpaka misozi, koyamba chibwerere changa pakhomopo, ndipo nanenso ndinaseka kwinaku mseru uli pakhosi. Anatuluka nakuwira mwana wawo kuti abwerere, za lole aiwale.

Masabata otsatira m'mimba mwanga munkakana chilichonse kupatula chinunsi chomwecho, koma mphamvu zopitira kumunda ndinalibe. M'mawa wina ndinamva lichero likutera pakhomo. Anali apongozi, miyendo ili chonyowa ndi mame, dzanja atalikulunga m'kansanza kuti lisakhudze masamba. Anali atazula chilichonse cha kathonje chimene anakumana nacho, chinunsi ndi kaphambuzi pamodzi, zonse ndi mizu yake.

"Sankhani mweka, ine maso yanga yakana," anatero. "Mukasiliza muphikire mu mphika ukulu. Ine sinizadya, koma mwana wanga mumupakulireko."

Sanadyedi mpaka imfa yawo, ndipo dzina loti chinunsi silinatulukepo pakamwa pawo. Koma tsiku limenelo anakhala pamphasa nkumandiyang'ana ndikupakulira mwana wawo yekhayo wamwamuna ndiwo zimene iwo ankakhulupirira kuti zimapha, ndipo anamusiya adye mpaka mbale inayera.