Ndinachita manyazi kufunsa za galu wa ankhoswe anga

Inu owerenga, ine ndinasunga ulemu kwa munthu wamkulu n'kutayitsa moyo wa mayi wosalakwa. Sindinamugwire pakhosi, sindinamuthire chiphe ayi, koma mtima wanga umadziwa kuti pa imfa yake dzanja langa lilipo. Nkhaniyi sindinaululepo, ngakhale mkazi wanga amangodziwa theka lake.

Ndimakhala ku Kawale, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 akuba anatisowetsa mtendere, ndiye aliyense wokhala ndi kampanda ankafuna galu wamkulu, wachizungu, woti akauwa kamodzi munthu abwerere pageti. Ife amene tinali ndi agalu otero tinayamba kukumana Lamlungu masana pa bwalo lina la mpira kuseri kwa msika. Tinkawaphunzitsa kukhala pansi, kudumpha matayala ndi kugwira munthu wokulunga ziguduli pamkono. Posakhalitsa tinadzitcha kalabu, ndipo anzanga anandisankha kukhala tcheyamani. Sikuti ndinali wanzeru kuposa ena, kungoti pakamwa pokha Mulungu anandipatsa.

M'kalabumo munali a Gondwe, bambo wofatsa amene ankagwira ntchito ku kampani ina ya inshuwalansi m'tauni. Tsiku lina anaimirira n'kunena kuti pabwalopo pamadzaza anthu odzaonerera, ndiye kalabu ikhale ndi inshuwalansi yoti galu akaluma munthu, wolumidwayo athamangitsidwe kuchipatala cholipira popanda kuyang'anana m'matumba. Anati kampani ingavomere pokhapokha galu aliyense atabayitsa katemera wa chiwewe, ndipo agalu olusa azimangidwa pakamwa.

Abale, tinaseka! Ine ndiye ndinatsogolera kusekako. Ndinati mwini wake ine ndilibe inshuwalansi, ndiye galu ayambe kukhala nayo? Ndinawonjeza kuti kulipirira tsoka lisanagwe n'kuliitana, ndipo anthu anaombera m'manja. Zosonkha zathu tinasoketsa malaya ofanana okhala ndi mutu wa galu kumsana. A Gondwe sanakwiye, anangopempha chimodzi, kuti bola lamulo la katemera likhalepo. Tinavomera kuti atisiye, ndipo wofunsa aliyense pofika pabwalo ndinali ine.

Anyamata ndinkawafunsa ndithu, mokalipa kumene, ena n'kuwabweza. Koma panali munthu mmodzi amene sindikanatha kumufunsa. A Mbewe anali ankhoswe a ukwati wanga, bambo wa imvi zake, amene anandiperekeza kuchikamwini ku Dedza ndipo banja langa litagwedezeka ndiwo analikhazika pansi. Inu owerenga, munthu wotero mungamuimitse pagulu n'kumufunsa ngati galu wake anabayitsa? Kwa ine zinali ngati kuwanena kuti ndi abodza. Akafika ndinkangovula chipewa, kupereka moni, iwo n'kudutsa ndi galu wawo Kambuku.

Chaka china nthawi yokolola, a Mbewe anabwereketsa Kambuku kwa achimwene awo kumudzi kuti akalondere chimanga. Atabwerera m'tauni, galuyo sanali yemwe uja. Maso anali ofiira, dovu lili chuchuchu, akuluma tcheni chake chomwe. M'malo mochita mantha, ife tinamutama kuti kumudzi kwamupatsa ukali.

Pabwalopo pankabwera mayi wina wogulitsa zitumbuwa, tinkangowatchula kuti amake Chisomo. Anali ochokera ku Mulanje, amuna awo anamwalira kalekale, ndipo beseni la zitumbuwalo ndilo linkadyetsa ana awo. Ankachita lendi kanyumba kuseri kwa shedi yanga, moti madzi akumwa ndikamagwira ntchito ndinkapempha kwawo. Lamlungu lina akutsitsa beseni, Kambuku anapulumuka m'manja mwa a Mbewe n'kuwaluma pa katumba. Tinamukoka, tinamumenya, mpaka anasiya. Bala lake silinali lalikulu, mano okha ndiwo analowa.

A Gondwe anathamanga n'kunena kuti titsuke balalo ndi sopo, tipite nawo kuchipatala nthawi yomweyo, galuyo timumange n'kuitana dokotala wa ziweto. A Mbewe anati zimenezo n'zachibwana, kwathu galu akaluma munthu timameta ubweya wake, kuwotcha, n'kupaka phulusa lake pabala, basi nkhani yatha. Onse anayang'ana ine monga tcheyamani.

Muno m'mutu mwanga munadutsa zambiri. Ndinkamva kuti jakisoni wa chiwewe ku zipatala zaboma sankapezeka nthawi zonse, ndipo kolipira mtengo wake unali woti kalabu yathu ya malaya okongolayo sikanaukwanitsa. Ndinaopanso kuti nkhani ikafika kwa akuluakulu, kalabu itsekedwa ndipo agalu athu aomberedwa. Pamwamba pa zonsezo, nditsutse ankhoswe anga pagulu? Ndinagwada pafupi ndi amake Chisomo n'kuwanyengerera ndi pakamwa panga paja kuti ndife anthu amodzi, tithane pachibale, mankhwala a makolo sanama. Lumo ndinakagula ndine, machesi anali anga. Zitumbuwa zonse tinawagula kuti apite akapume.

"Musadandaule achimwene, ndi ngozi iyi," anatero mayiwo akumanga kansalu pamwendo. A Gondwe anamasula galu wawo n'kumapita osatsanzika, ndipo sanabwerenso ku kalabu.

Tsopano apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Sabata isanathe, a Mbewe anabwera ku shedi n'kundikokera pambali. Anati Kambuku wafa, iwo amukwirira kuseri kwa nyumba, ndipo akuganiza kuti adani amuthira mankhwala a makoswe. Anandipempha kuti ndisauze munthu, anthu angayambe kuyankhula zambiri. Ine ndinadziwa. Ndisakunamizeni, ndinadziwa kuti amene uja sanali mankhwala a makoswe. Kuchoka pa shedi kufika pakhomo pa amake Chisomo sipofunika ngakhale njinga, ndipo nthawi yowapulumutsa inalipobe. Koma ndinawaona akuchapa panja, akuseka ndi ana awo, bala litayamba kuuma, ndiye ndinadziuza kuti phulusa lija lagwira ntchito. Ndinavala magalasi anga n'kupitiriza kuwotcherera geti.

Panadutsa mwina miyezi iwiri. Amake Chisomo anayamba kudandaula mutu ndi kuyabwa pa chipsera paja. Anamwa mankhwala a malungo, osasintha. Kenako ana anabwera akulira kuti amayi awo akuopa madzi, akangoona kapu akumakuwa. Tinapeza galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala chachikulu. Adokotala atamva kuti analumidwa ndi galu, anangogwetsa nkhope. Anati akanabwera masiku oyamba aja akanachira bwinobwino, koma chiwewe chikafika pamenepa palibenso mankhwala.

Inu owerenga, Mulungu akusungeni kuti musadzaone munthu akufa imfa imeneyi. Anawaika m'chipinda chaokha, atawamanga manja kubedi. Milomo inali gwa ndi ludzu, koma akawabweretsera madzi khosi linkatseka, thupi lonse n'kumanjenjemera. Nthawi ina atadekha anandizindikira pakhomo n'kundipempha kuti ndiziwaonera ana. Ine, ineyo! Ndinatuluka n'kukakhala pansi panja. Sanagone masiku ambiri m'chipatalamo.

Achibale anakwiyira a Mbewe monga mwini galu, moti bamboyo anasamuka mwakachetechete kupita ku Area 25, ndipo kuyambira pamenepo sitinapatsanenso moni. Ine ndinathamangathamanga pa maliro, kupeza bokosi, kupeza lole yopita ku Mulanje. Kumanda, mwini mbumba poyankhula anatchula dzina langa n'kunena kuti m'tauni mukadali anthu a mtima wabwino, ndipo amayi anavomereza ndi mitu. Ndinaweramitsa nkhope, anthu n'kumayesa kudzichepetsa. Pamandapo panalibe amene ankadziwa kuti ndinamva za imfa ya galu uja nthawi ikadalipo.

Kalabu inatha yokha. Galu wanga ndinapatsa munthu, ndipo mpaka lero pakhomo panga sipakhala galu. A Gondwe ndikawaonera patali m'tauni ndimakhota njira.

Ndiye inu amene mumasonkhana ndi agalu anu, kaya ndi ku Biwi, ku Chinsapo kapena kulikonse, ndimvereni ine wopsa kale. Musasonkhanitse agalu pamaso pa anthu musanakonze kuti wina akalumidwa mudzamuthandiza ndi chiyani. Pitani kwa a inshuwalansi mukamve zimene angakuchitireni, chifukwa munthu wosowa pogwira ndi amene amayamba kubisa zinthu, monga ndinachitira ine. Lamulo la katemera likhale la aliyense, kaya ndi abusa, kaya ndi apongozi anu, afunseni ndithu, adzakwiya tsiku limodzi n'kuiwala. Safunsa anadya phula. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ubweya wa galu si mankhwala. Ndipo galu woluma munthu akafa, musagone nayo nkhaniyo.

Ana aang'ono a malemu aja anatengedwa ndi achibale kumudzi. Chisomo, mwana woyamba, anasiya sukulu ali fomu 2, pano ndi mayi ndithu, amagulitsa tomato mumsika wa Kawale. Ndikamadutsa amaimirira, kupinda maondo n'kundifunsa kuti, "Mwaswera bwanji amalume?" Nthawi zina amandiwonjezera tomato, akuti chifukwa ndinawaika bwino amayi ake. Ndimalandira ndi manja awiri, ndipo mpaka lero sindinamuuze.